Telala wa Oyera a kwa Miyala

Makina a Swaibu anafika kwa Miyala pa wilibala. Mwini galaja imene ankasokeramo ku Silverton anali atagula galimoto, ndipo galimoto ndi telala sizigona nyumba imodzi. Swaibu anayesa kusokera pakhonde la shopu ya mnzake, koma mvula ikabwera inkamupeza, a mumzinda othamangitsa anthu m'misewu akabwera ankamupezanso. Choipitsitsa, unali mwezi wa Ramadhani, mwezi umene telala sapuma, poti wa ku Mangochi ndi ku Machinga aliyense amene ali ku Joni kuno amafuna kudzatchena pa Idi.

Kwa Miyala ndi dzina limene Amalawi anapatsa tchalitchi chakale cha Katolika cha kumapeto kwa Silverton, chifukwa makoma ake ndi a miyala yofiira yosapaka kanthu. Kuseri kwa holo yake kuli kachipinda kamene kankasungira mipando yothyoka. Amene anaganiza zoti Msilamu angasokeremo anali Tsitsi, mtsikana wosesa m'tchalitchimo. Tsitsi anabadwira pa famu ina ku Chegutu, kwa makolo ochokera ku Dedza. Ku Zimbabwe ankamuuza kuti ndi Mmalawi, ku Malawi sanafikeko, ku Joni ankamuuza kuti abwerere kwawo osamuuza kuti kwawoko ndi kuti. Mwina n'chifukwa chake akaona munthu akusowa poika makina, mtima wake unkawira msanga ngati mkaka.

Wansembe wa parishiyo, Bambo Yakubu wa ku Nigeria, anavomera mosavuta.

"Koma ine ndimangokhala pano ngati mlendo," anatero. "Bungwe la parishi likumana Lachiwiri la sabata yamawa. Likakana, makina atuluka."

Bungwe la parishi linali ndi anthu angapo, koma aliyense ankadziwa kuti ena aja amangobwera kudzamwa tiyi. Amene ankaganiza, kulankhula ndi kutseka nkhani anali Anti Vailet, mayi wokalamba wa ku Eersterust, amene mawondo anatha kalekale koma pakamwa pali bwinobwino. Tsitsi atamubweretsa Swaibu, Anti anamuyang'ana kuyambira pa mzuli mpaka pa masilipasi.

"Ndiwe telala? Tikuyesa kaye. Ndili ndi ntchito yofunika Loweruka lino. Ukaigwira bwino, chipinda ndi chako. Tiye m'kati."

Anti ankalankhula Chingerezi chothira Chiafrikaansi, Tsitsi n'kumamasulira pamene Swaibu wasochera, nthawi zina akuthiramo tsabola wakewake.

Pakhomo Swaibu anavula masilipasi.

"Muuze avale, matailosi ndi ozizira," Anti anatero.

"Nyumba yopemphereramo ndi nsapato?" Swaibu anang'ung'udza, koma anavala. Analowa maso ali pansi ngati mkamwini wodutsa pakhomo pa apongozi.

"Achimwene, dzutsani mutu," Tsitsi anamunong'oneza. "Saluma."

Palibe munthu amalowa kwa Miyala ndi Anti Vailet n'kutuluka osamva mbiri yonse. Anayambira pa chitsulo cholembedwa maina chimene chili pakhoma.

"Tchalitchi ichi anamanga azungu a ku Ireland, ogwira ntchito ya njanji, agogo anga asanakwatiwe. Miyala inachokera m'phiri la kuseriku. Maina awo ndi awa."

"Ananyamula miyalayo ndani?" Tsitsi anafunsa. Ankafunsa funso lomweli ulendo uliwonse.

"Usayambe, Tsitsi."

"Ndangofunsa, Anti. Timaina towerengeka iti, miyala yonseyi. Anali amphamvu anthuwa."

Anti anapitirira ngati sanamve. Anaonetsa zenera la magalasi amitundumitundu limene mayi wina wamasiye anapereka, pamene munthu wandevu akupirikitsa njoka ndi ndodo. Matalala anaswa njoka imodzi chaka china, ndipo wokonza anaikapo galasi wamba, moti wandevuyo tsopano amamenya malo opanda kanthu. Kenako zithunzi za Njira ya Mtanda, zozungulira makoma onse. Anajambula ndi mkaidi wa ku Italy wa nthawi ya nkhondo yaikulu, amene ankasungidwa ku kampu ya cha ku Cullinan. Asilikali okwapula Yesu anawapatsa nkhope za alonda a kukampuko, ndipo kuseri kwa Gologota anadzalako mitengo ya jakaranda, poti ndi imene ankaiona.

"Ukuona bwanji?" Anti anafunsa monyadira.

Swaibu anayandikira chithunzi chimodzi, n'kupendeketsa mutu.

"Mkanjo uwu phewa latsika. Anasoka ndani?"

Tsitsi sanamasulire.

Potsiriza anafika pa ziboliboli. Kutsogolo kunali zitatu. Amayi Maria anabwera pa sitima ya pamadzi, chala chimodzi chinathyokera m'njira ndipo anachimata mopendekera pang'ono, ngati akukodola munthu. Swaibu anawaweramira pang'ono.

"Mariyamu, amake a Isa. Awa tikuwadziwa."

Yosefe Woyera anagwira sikweya ya ukalipentala. Antoni Woyera ananyamula khanda litaima pa buku, ndipo phazi lake lamanja linali lonyezimira, utoto unatha chifukwa cha manja a anthu otaya zinthu amene amabwera kudzamugwira kuti awathandize kufunafuna. Chachinayi chinali kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko: munthu wakuda, atagwira tsache.

"Maritino Woyera," Anti anatero. "Anabwera mochedwa, nthawi imene ife tinkaima kumbuyo kuno chifukwa mabenchi anali a azungu. Anamuika pomwe tinkaimapo."

"Ife tinasunthira kutsogolo," Tsitsi anatero. "Iye anamuiwala pa geti."

Ntchito inali iyi. Masabata awiri otsiriza a Lenti, Akatolika amaphimba ziboliboli zonse ndi nsalu yapepo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kudzavundukula pa Pasaka. Nsalu ya mtanda waukulu inali ikadali yabwino. Koma zophimba za oyera zinali zitadyedwa ndi njenjete. Anti anazitulutsa m'bokosi la malata: matumba atatu aatali, osokedwa mbali ziwiri, kutseguka kunsi. Pansi pa bokosi panali katani yakale ya kubafa, yojambulidwa abakha ofwifwa.

"Iyo ndi ya Maritino," Anti anatero. "Azimayi amene anasoka izi anasoka iye asanabwere. Wakhala akufunda imeneyo, sanadandaulepo."

"Wogwira tsache sadandaula, Anti. Amaopa kuchotsedwa ntchito."

Anti anapereka mpukutu wa nsalu yatsopano imene anagula ku Marabastad, atayezera pa matumba atatuwo, n'kunyamuka kukakwera takisi.

Swaibu anatsala akutembenuza thumba limodzi m'manja, nkhope itakwinyika.

"Chemwali, awa ndi matumba a chimanga."

"Ndi momwe zimakhalira, Achimwene."

"Mukudziwa kuti wa kwathu akamwalira kuno, amaitana ine kuti ndikadule sanda? Nsalu yophimba munthu mpaka nkhope ndimaidziwa bwino. Imeneyo ndi ya ulendo wosabwerera. Ndiye anthu ali chiimire, maso ali gwa, ine ndiwakulunge ngati maliro? Mariyamu weniweni?"

"Ndimayesa inu simugwirizana ndi ziboliboli?"

"Sindigwirizana nazo. Koma ulemu ndi ulemu. Ndiponso mwezi wosala uno, munthu amamusokera chatsopano choti atuluke nacho. Sitimuponya m'thumba."

"Achimwene, sokani zomwe mwauzidwa. Mukufuna chipinda kapena simukufuna?"

"Chabwino," Swaibu anatero.

Aliyense amene anasiyapo nsalu kwa telala amadziwa kulemera kwa "chabwino" wa telala. Ndi m'bale wake wa "bwerani Lachinayi". Koma Tsitsi anali ndi mabenchi oti apukute, ndipo atamuona Swaibu pa makwerero akuzunguliza tepi pachifuwa cha Yosefe uku akuti "pepani bambo, pang'ono pokha", anangoti ndi mmene amayezera anthu osamala. Sanadzifunse kuti thumba likufuna muyezo wa khosi pa chifukwa chanji.

Sabata imeneyo makina analira osaleka m'kachipinda kaja. Anyamata a m'mafakitale a ku Rosslyn ankabwera ndi maovololo ong'ambika, azimayi ndi nsalu za Idi, ndipo pakati pa zonsezo panali kudutsa tizidutswa tapepo. Tsitsi akasuzumira, Swaibu ankati zikuyenda.

Loweruka m'mawa Tsitsi amasita zovala kunyumba ina ku Menlo Park. Anamusiyira Swaibu kiyi wa chitseko cham'mbali kuti akaphimbe yekha, poti Misa yoyamba ya Lamulungu imachitika Loweruka lomwelo faifi koloko madzulo. Anabwerako masana, n'kukumana ndi Anti Vailet pa geti. Analowa limodzi.

Yosefe Woyera anali atavala mkanjo wapepo wa kolala yoimirira, mabatani mpaka pamimba, ndi kathumba pachifuwa momwe munali pensulo yosongoka bwino. Amayi Maria anali mu chilundu chathunthu: bulauzi ya manja otukuka, chitenje chokulunga mwaluso, ndi duku lomangidwa ngati akupita ku chinkhoswe cha mwana wa mchimwene wawo. Antoni anali ndi malaya aatali, ndipo khanda lija linali litamangiriridwa pachifuwa pake ndi mbereko, mfundo ili paphewa. Kumbuyo, Maritino anali mu jekete yosokedwa mothina m'chiuno, kansalu kakusuzumira m'thumba, tsache m'manja ngati ndodo ya bwana. Zonse zinali ndi mabatani kumsana, poti makasitomala awa satukula manja.

Swaibu anaima pakati pa tchalitchi, tepi m'khosi, akumwetulira ngati mwini ukwati.

"Nsalu ya anthu atatu yakwana anayi," anatero. "Thumba limawononga nsalu. Ndipo mwana uja, pa buku paja akanagwa tsiku lina."

Tsitsi anayesa kudzigwira. Chiseko chinatulukira m'mphuno. Kenako anaona nkhope ya Anti, chiseko n'kubwerera komwe chinachokera.

Anti Vailet anakhala pa benchi pang'onopang'ono. Anatsegula chikwama, n'kutsekanso. Anayang'ana duku la Amayi Maria nthawi yaitali.

"Tsitsi," anatero motsitsa mawu. "Mufunse munthu wakoyu ngati pano pakuoneka ngati pawindo pa shopu ya Mmwenye."

"Akuti mwasoka bwino koma..."

"Ndamva," Swaibu anatero. Kumwetulira kunayamba kusungunuka.

Ndiye Anti anatsegula pakamwa. Ananena za azimayi amene anasamala tchalitchi ichi asanabadwe amake a Swaibu. Ananena za nsalu imene anakwerera matakisi awiri kukagula. Ananena kuti wakhala akuphimba oyera awa chaka ndi chaka kuyambira ali ndi mano ake onse, ndipo palibe chaka chimene Yosefe anafunapo pensulo. Zina ananena m'Chiafrikaansi, zimene Tsitsi, ngakhale ndi tsabola wake yense, anaona kuti n'kwabwino azisiye momwemo.

Phokosolo linakoka Bambo Yakubu kuchokera kunyumba ya ansembe. Analowa, anaona, anatembenuka n'kulowa m'chipinda chovalira. Kumeneko kunamveka chifuwa chachilendo kwa kanthawi. Anatulukamo akupukuta m'maso ndi mpango.

"Abambo, musaseke," Anti anatero.

"Sindikuseka, Anti, ndi fumbi." Anakhala pa benchi n'kumukodola Swaibu. "Bwera kuno, mnzanga. Lero wadya?"

"Ayi, Abambo. Ndili pa swaumu."

"Chifukwa chiyani? Chakudya ndi choipa?"

"Chakudya si choipa. Umachisiya kuti uchisowe. Ukachisowa umakumbukira amene amakupatsa. Ndipo dzuwa likalowa, ngakhale madzi amakoma."

"Ifenso ndi chimodzimodzi. Anthu awa timawaona tsiku ndi tsiku mpaka timaleka kuwaona. Ndiye masabata awiri awa maso athu amasala. Sitikuwaika m'manda, tikungowasowa dala. Pa Pasaka tikavundukula, maso amadya."

Swaibu anatembenuka. Anayang'ana Amayi Maria, duku lawo likunyada, kenako Maritino mu jekete.

"Ndiye ine," anatero pang'onopang'ono, "ndaika mpunga wa nyama pamaso pa anthu osala."

"Wothira mafuta ambiri," Bambo Yakubu anatero.

"Eish." Anatembenukira kwa Tsitsi. "Inunso chemwali, bwanji simunanene kuti ndi swaumu?"

"Ine ndinati sokani zomwe mwauzidwa. Mumafuna ndikuwerengereni katekisimu yense?"

Anti Vailet anamenya benchi ndi chikhato.

"Anthu alowa muno faifi koloko. Akapeza oyera ali pa fashoni, makina ako agona panja lero lomwe. Sindidikira Lachiwiri."

Nsalu ina panalibe, ndipo ku Marabastad kunali kutali. Chotsala chinali kuvula oyera, kumasula misoko yonse ndi kulumikiza zidutswazo kuti zibwerere kukhala matumba. Swaibu anakwera makwerero. Povula Amayi Maria anayang'ana kumbali, Tsitsi ndi amene anamasula mabatani.

Anayala zonse pa tebulo la mu holo. Swaibu anayamba kumasula ndi lezala, Tsitsi ndi kampeni, koma misoko inali yolimba ngati ya tenti. Anti anawaonerera kanthawi, akutsonya, mpaka analephera kupirira.

"Ndipatse kuno lezalayo. Mukumasula ngati mukuchotsa minga m'nsomba."

Zala zake zopindikazo zinayamba kuthamanga pa msoko moti Swaibu anaima kaye n'kuyang'ana.

"Ndinasoka maovololo pa fakitale iwe usanabadwe," Anti anatero osadzutsa mutu. "Nanga apa wasokeranji kawiri? Yosefe akupita ku mgodi?"

"Ine ndikasoka, chinthu sichibwerera."

"Chabwerera lero."

"Sichinang'ambike, Anti. Chakanidwa. N'zosiyana."

Anti anatembenuza bulauzi ija kunja kukhala m'kati, anayendetsa chala pa mpendero, ndipo sananene kanthu. Kwa Anti Vailet, kusanena kanthu ndi mendulo.

Makina anayamba kulira. Manja a mkanjo analumikizana ndi chitenje, mbereko ndi msana wa jekete. Kunja kunkatentha, milomo ya Swaibu inauma mpaka kuyera, koma phazi silinachoke pa chopondera. Dzuwa litayamba kupendeka, matumba atatu anagona pa tebulo, a zigamba zokhazokha koma aatali mokwanira. Pambali panatsala tizidutswa tosakwana ngakhale pilo.

"Basi," Anti anatero, akupuma. "Atatu akutsogolo atheka. Tsitsi, katenge katani ya Maritino."

Tsitsi sanasunthe.

"Tsitsi."

"Sinditenga."

"Wati chiyani?"

"Ndati sinditenga, Anti. M'mawa uno munthuyu anali mu jekete. Madzulo abwerere kwa abakha a kubafa? Chifukwa chiyani iyeyo? Bwanji Antoni asafunde abakha chaka chino? Kapena poti Antoni amakupezerani magalasi anu akasowa?"

"Zakhala choncho kuyambira kale."

"Kuima kumbuyo kunalinso kuyambira kale. Inu munasuntha."

Nkhope ya Anti inachita mdima. Bambo Yakubu, amene anabwera kudzaona ngati zatheka, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ulaliki wake sunathe, n'kubwerera.

Anti anasiya Tsitsi n'kuyang'ana Swaibu.

"Tamvera iwe telala. Mtsikana uyu amakangana ndi mthunzi wake womwe. Iwe wakonza zomwe unalakwitsa. Kaphimbe atatuwo, umuponyere Maritino katani yake, ndipo Lachiwiri ndikanena kuti chipinda ndi chako. Ndamaliza."

"Achimwene," Tsitsi anatero m'Chichewa, "mukaigwira katani imeneyo, ine ndi inu tathana. Ndinakupezerani malo chifukwa anakutulutsani ngati chinyalala. Musachite zomwezo kwa wina."

"Chemwali, ameneyo ndi simenti."

"Simentiyo munaiveka jekete nokha."

Swaibu anakanda pansi pa mzuli. Nkhaniyi sinali yake konse. Oyerawa sanali ake, Lenti sinali yake, ndipo m'kachipinda kaja munali mulu wa nsalu za Idi zimene eni ake ankadziwa kumene amagona. Mawu amodzi okha, "chabwino", ndipo akanakhala ndi denga, soketi ya magetsi ndi chitseko chotseka. Anatenga katani ija pa mpando pamene inali. Inali yolimba ndi ukalamba, ikununkha bokosi. Bakha mmodzi analibe mutu.

Anaibwezera pa mpando.

"Anti, kumene ndimagona ku Mamelodi tilipo anayi m'chipinda. M'nyengo yozizira bulangeti lalikulu ndi limodzi. Likachepa sitichotsa munthu."

"Ndiye mumatani?"

"Timatulutsa mapazi."

Anti asanamvetse, sizasi inali italowa kale. Swaibu anasanjikiza matumba atatu aja, n'kudula kunsi kwake onse pamodzi, mzere umodzi wowongoka. Phokoso la sizasi linamveka mu holo monse.

Anti anayang'ana zidutswazo. Anatola chikwama chake, anaima movutikira, n'kutuluka osanena kanthu. Kusanena kanthu kumeneku sikunali kwa mendulo.

"Mwadula," Tsitsi anatero, ngati sanali iye amene anayambitsa.

"Gwirani uku, nthawi yatha."

Zidutswa zitatu zija ndi tizotsala tija zinakhala thumba lachinayi. Anathamanga nawo m'tchalitchi belu loyamba likulira. Pamene anthu ankayamba kulowa, oyera onse anayi anali ataphimbidwa kumutu, nkhope, manja, mpaka m'munsi mwa mawondo. Kuchokera pamenepo kutsika, aliyense anali pamtunda. Mapazi a Amayi Maria ankaoneka ataponda mutu wa njoka, chinthu chimene ambiri anali asanachionepo chifukwa nthawi zonse pamakhala maluwa. Yosefe anali mu nsapato za nkhwaira, ndipo kathumba kaja, kamene anaiwala kumasula, kanali cham'mbali pamimba pake, kopendekera. Maritino anaima pa chitseko mu pepo wofanana ndi anzake, nsonga ya tsache ikusuzumira pansi.

Anthu ankalowa, n'kuima, n'kuyang'ana. Bambo wina anafunsa mkazi wake ngati nsalu yafupika pochapa. Agogo ena a Chisotho, amene chaka chilichonse ankadandaula kuti masabata awiri awa alibe pogwira, anapita molunjika kwa Antoni, anasisita phazi lonyezimira lija, n'kukakhala pansi ali okhutira. Anti Vailet anakhala pa benchi yake ya kutsogolo, msana uli chilili, osayang'ana kumanja kapena kumanzere.

Swaibu sanadikire kuti aone zambiri. Anabwerera kukachipinda kaja n'kuyamba kulongedza. Ulusi m'chikwama, masizasi, choko, nsalu za eni ake m'mapepala. Nyimbo za Lenti zinkamveka kudutsa khoma, zochedwa ngati anthu okwera phiri. Anaganiza zoimbira mnzake wa shopu uja, koma anasiya foni. Njala inali itamugwira.

Misa itatha Tsitsi anabwera ndi botolo la madzi ndi mabanzi awiri m'pepala. Anaziika pa makina.

"Ndikalankhula nawo a bungwe mmodzimmodzi," anatero. "Ndikawauza kuti ndinakukakamizani ndine."

"Inu munagwira sizasi?"

"Ndiye ndikawauza kuti akakutulutsani, azisesa okha."

"Chemwali, tikhale awiri panja? Khonde la mnzanga ndi laling'ono."

Pakhomo panamveka kupuma kolemera. Anti Vailet anaima atagwira felemu ya chitseko, akuyang'ana zikwama zolongedzazo.

"Mapazi aja," anatero. "Ndapemphera Misa yonse ndikuona zala za Yosefe. Munthu sungaike mtima pamodzi."

"Pepani, Anti."

"Usandipepese, sindinathe. Abambo akuti palibe lamulo la zala, ndawauza kuti lamulo lilipo, langokhala losalembedwa. Chaka chino zapita. Chaka chamawa sindikufuna kuona phazi la munthu. Ndigula nsalu ina, udzawonjezere kunsi." Anaima kaye, akuyang'ana kukhoma. "Onse anayi."

Tsitsi anatsegula pakamwa.

"Iwe khala chete, wayankhula zokwana mwezi."

Swaibu anazunguliza ulusi m'manja.

"Chaka chamawa mudzandipeza kuti, Anti?"

"Ukuganiza kuti ndi mawondo awa ndizikakusaka ku Mamelodi? Tulutsa zinthuzo m'zikwama. Koma tepi yako isadzalowenso m'tchalitchi ine kulibe, wamva? Ndipo kathumba kaja ukachotse Lolemba, wina wayamba kale kufunsa ngati n'koponyamo mapemphero."

"Ndamva, Anti."

"Osati 'chabwino'?"

"Ndamva."

Anti anasuzumira pa kazenera. Kuseri kwa mafakitale kunali kutafiira, dzuwa litamira.

"Lalowa dzuwa lakolo," anatero. "Imwa madziwo, usandigwere pano."